Kodi usiku wa ku Cape Maclear ndi wa azungu okhaokha?

Kalata ya pa imelo ya mnyamata wina wa ku Lizulu yandiseketsa sabata ino. Akuti iye ndi anzake atatu agulitsa kachewere, ndalama ilipo, akufuna akaone nyanja. Koma akufunsa: "Kodi mabala a ku Cape Maclear si a azungu okhaokha? Sakatibweza pageti?"

Achimwene, nyamukani. Palibe akakubwezeni. Ine kuchokera kuno ku Dedza ndatsikapo kangapo msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere, kudzera pa Golomoti mpaka ku Monkey Bay, pomwe mumakwera njinga yamoto kukafika m'mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear kwenikweniko. Jekete lanu la ku Ntcheu mukalivula musanafike n'komwe pa Golomoti.

Azungu mukawapeze kumeneko si aja a m'mahotela odula ayi. Ndi aja obereka zikwama kumsana, ogona m'matenti kapena kuthithikana m'chipinda chimodzi, ndipo kunenerera kwake kuposa amayi a pamsika wa Lizulu. Ndinaonapo wina, kabudula wong'ambika, mapazi ali mbuu, akulimbana ndi mnyamata wa zibangili pa ndalama yosakwana ngakhale botolo la Fanta. Ameneyo mungamuope?

Zinthu zimayamba dzuwa likamamira cha ku chilumba cha Thumbi. Anthu amakhala pamchenga, uyu ndi Green, uyu ndi Kuche Kuche, alendowo ndi Malawi Gin wawo. Kenako moto, ng'oma, nyimbo za reggae. Mkati mwa sabata kumazizira msanga. Loweruka, akakhamukirako a ku Lilongwe ndi Blantyre, m'pamene gule amachezera. Mowa wa pa loji ndi wodula, wa m'mabala a m'mudzimo mtengo wake ndi womwe mukuudziwa.

Wina adzakunong'onezani za chamba. Lamulo la 2020 linaloleza kulima cha mankhwala ndi cha mafakitale basi, osati chosuta, ndiye musakagone m'chitokosi chifukwa cha ndudu imodzi. Mukaledzera madzi muwatalikire. Ife a kumapiri kusambira kwathu n'kwa m'dambo. M'mphepete mwa mudziwo mulinso likodzo, pobwerera mukayezetse. Udzudzu wake musaupeputse: amishoni a Livingstonia anakhazikika ku Cape Maclear komweko mu 1875, koma pofika 1881 malungo anali atawasamutsira ku Bandawe, ndipo manda a anzawo alipobe mpaka lero. Tengani neti.

Koma chimene chimandibwezera ku Chembe ine si mabalawo. Phokoso likakukwanani, yendani pamchenga kutalikira masipika, muyang'ane panyanja. Nyali mbwee, ngati mzinda wamera pamadzi. Amenewo ndi asodzi a usipa, akukopa nsomba ndi kuwala, ndipo kwa iwo usikuwo ndi nthawi ya ntchito. Kuseri kwa mpanda wa loji iliyonse kuli nyumba ya munthu, muli ana ogona, choncho podutsa m'tinjira ta m'mudzimo pakati pa usiku mawu muwatsitse. M'bandakucha, inu mukudzandira kukagona, mudzakumana ndi amayi atasenza mbale kukatsuka kunyanja, ena akuyanika usipa pa thandala. Apatseni moni monga mumachitira kwanu.

Usipa umenewo mugule wodzaza chigoba cha mayi anu. Wina muusiye pa Dedza pano, ndiwo zandivuta.