Mwana wagonekedwa ndi chimfine cha H1N1: kodi ndi mliri uja wa 2009?

Mayi wina watilembera pa imelo kuti mwana wawo wa chaka ndi miyezi 8, wolemera makilogalamu 11, wagonekedwa m'wodi ya ana ndipo adokotala apeza chimfine cha H1N1. Akufunsa ngati ndi matenda omwe aja a mliri wa 2009, komanso chifukwa chake mwanayo akubayidwa mankhwala opha mabakiteriya pomwe chimfine chimayamba ndi vairasi.

Inde mayi, kachilombo ndi komweko. Kanadziwika ku Mexico ndi ku California mu Epulo 2009, bungwe la WHO linalengeza mliri pa 11 Juni, ndipo linati watha pa 10 Ogasiti 2010. Kachilomboko sikanatheretu ayi. Kamabwera chaka ndi chaka ngati chimfine cha nyengo, ndipo katemera wa chimfine amatetezanso ku komweka. Chotidetsa nkhawa ife ndi msinkhu wa mwana wanu, chifukwa ana osakwana zaka ziwiri ndiwo amadwalika kwambiri, limodzi ndi a mphumu, a HIV, onyentchera, odwala mtima ndi olumala ubongo.

Za jakisoniyo, adokotala sanalakwitse. Vairasi imasupula khungu la m'kati mwa njira za mpweya, ndiye mabakiteriya amapeza polowera n'kuyambitsa chibayo. Ochita zimenezi kawirikawiri ndi pneumococcus ndi Staphylococcus aureus. Ana ambiri amene chimfine chimawapha amafa ndi vuto la m'mapapo, ndipo pongomumvetsera mwana pachifuwa simungasiyanitse chibayo cha vairasi ndi cha mabakiteriya. N'chifukwa chake pa chibayo chachikulu amayamba msanga mankhwala opha mabakiteriya a ampicillin kapena benzylpenicillin pamodzi ndi gentamicin, n'kusinthira ku ceftriaxone ngati papita masiku awiri osasintha. Katemera wa PCV13, amene Malawi anayamba kupereka mu Novembala 2011, amachepetsa chiopsezo cha pneumococcus koma Staphylococcus samukhudza.

Mankhwala olimbana ndi vairasi yeniyeniyo ndi oseltamivir, amene ena amawadziwa kuti Tamiflu. Mwana wopitirira chaka wolemera makilogalamu 15 kapena kucheperapo amamwa 30 mg kawiri patsiku kwa masiku 5. Wa makilogalamu opitirira 15 mpaka 23 amamwa 45 mg. Amagwira bwino akayambidwa pasanathe maola 48, komabe mwana wogonekedwa amapatsidwa ngakhale nthawiyo yadutsa. Si chipatala chilichonse chimene chimawasunga, choncho funsani. Amakonda kusanzitsa, ndiye muzimumwetsa atalawa kaphala.

Ntchito imene inu odikirira mungaigwire bwino kuposa wina aliyense ndi yowerenga kapumidwe. Mwana ali phee, osalira, muvundukuleni pachifuwa muwerenge kwa mphindi imodzi yathunthu. Pa msinkhu wakewo, kupuma ka 40 kapena kupitirira ndi kubanika (kwa khanda la miyezi 2 mpaka 11 malire ndi 50). Mukaona m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati akamakoka mpweya, akubuula, akukana kuyamwa, milomo yada kapena wakomoka, itanani anamwino pomwepo, ngakhale pakati pa usiku. Kamakina kopanira pachala koyeza okosijeni m'magazi kakaonetsa pansi pa 90, akufunika okosijeni. Timachubu ta m'mphuno timatsekeka ndi mamina ndipo ana amatizula, choncho muzitiyang'ana pafupipafupi, musatichotse pomuyamwitsa.

Thupi likatentha, paracetamol ndiye woyenera, pafupifupi 15 mg pa kilogalamu iliyonse, maola 6 aliwonse. Aspirin musamupatse ndi pang'ono pomwe, chifukwa kwa mwana wa chimfine angayambitse matenda a Reye, owononga chiwindi ndi ubongo. Ngati sanamuyeze malungo, pemphani amuyeze.

Akakutulutsani, khalanibe tcheru kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Mwana akaoneka kuti wachira kenako thupi n'kutenthanso, chifuwa n'kukula, nthawi zambiri ndiye kuti mabakiteriya alowa. Bwererani naye kuchipatala tsiku lomwelo, osayamba mwadikira tsiku limene anakulemberani m'buku.