Musanathire mafuta m'buleki la glider yanu

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo: buleki la glider yake (ndege yopanda injini) lafewa, mafuta atsika, kodi angangowonjezera DOT 4, mafuta a buleki a galimoto? Achimwene, mwanditokosa pachilonda.

Ku kalabu komwe ndinkaulukira kunali bambo wina wachangu, wamtima wabwino ndithu, koma wokhulupirira kuti mafuta ndi mafuta basi. Ataona kuti ndege yathu yophunzitsira yachepa mafuta a buleki, anakatenga botolo m'galimoto mwake n'kuthira. Sanauze munthu, sanalembe m'buku. Chonsecho ndegeyo inali ya mafuta ofiira aja, MIL-H-5606. Poyamba zonse zinali bwinobwino. Kenako mafuta anayamba kudontha, mapadi n'kumwa mafuta, ndipo tsoka linagwera ine. Ndatera, ndakoka chogwirira cha ma airbrake (zochepetsa liwiro za pamapiko) mpaka kumapeto, pomwe buleki limagwirira, koma ndege ikungoyenderera kulunjika mpanda. Chinaiimitsa ndi udzu wautali. Titaphwasula tinapeza timphira tonse totchinga mafuta kuti asadonthe titawonongeka, ndege n'kukhala pansi nyengo yabwino youluka ikudutsa.

Chimene chimandinyansa n'choti anthu a ma glider timapeputsa buleki. Timati bwalo ndi lalitali, ndege iima yokha. Nanga tsiku limene mpweya wokweza watha, mwatera m'munda waufupi wa eni ake, kutsogolo kuli ngalande? Ine ndafika poti aliyense wothira chinthu m'ndege osalemba m'buku asamaloledwe kugwira sipanala. Ndipo osadalira maonekedwe a mafuta, akakalamba onse amada. Mayinanso amasokoneza: DOT 5.1 ndi wa glycol ngati DOT 3 ndi DOT 4, koma DOT 5 ndi wa silicone, sasakanikirana nawo.

Nkhani ili pa timphira

Mafuta a mineral, monga MIL-H-5606 kapena AeroShell Fluid 41, amayenda ndi timphira ta nitrile, tomwe ena amati Buna-N. A DOT 3 ndi DOT 4 amafuna ta EPDM. Mukasinthanitsa, timphira timatupa kapena kuwonongeka, buleki n'kudontha kapena kukanirira. Msampha wina ndi uwu: mabuleki a Cleveland nthawi zambiri ndi a mafuta ofiira, koma ma glider ena opangidwa ku Germany ali ndi caliper (chopanira mapadi) ya Cleveland yoikidwa timphira ta EPDM kuti iyendere DOT. Mukagula kamphira ka O-ring pongoona dzina la caliper, mwadziputira mavuto.

A DOT nawonso ali ndi khalidwe lawo. Amayamwa chinyezi, moti DOT 4 watsopano amawira pa madigiri 230 Celsius kapena kuposa, koma akamwa madzi amatha kutsika kufika cha ku 155. Amadyanso penti, choncho akadontha pukutani msanga.

Tsono yankho lanu: musathire kanthu musanaone buku la ndege yanuyo. Ngati mukukayika za zomwe zilimo, donthezani pang'ono m'madzi. A glycol amasungunukamo, a mineral amayandama. Mafuta akatsika fufuzani podontha komanso kutha kwa mapadi, kenako chotsani mpweya popopa mafuta ndi sirinji kuchokera ku caliper kupita m'mwamba. Ngati anasakanizidwa kale, tsukani mapaipi, musinthe timphira tonse, ndipo injiniya wovomerezeka aone ntchitoyo n'kusainira ndege isanaulukenso.