Chala chimodzi katatu: choko chofiira cha Michelangelo

Owerenga wina watumiza imelo: "Ndaona pepala la Michelangelo pomwe chala chachikulu cha kuphazi anachijambula katatu ndi choko chofiira. Kodi ankalakwitsa? Nanga kapepala kotere kankathandiza chiyani pojambula denga lonse?"

Bambo, pepala mwaonalo ndi lokonzekera chithunzi cha mneneri wamkazi wotchedwa Libyan Sibyl cha kudenga la tchalitchi cha Sistine Chapel ku Rome, denga lomwe Michelangelo, mmisiri wojambula wa ku Italy, analijambula kuyambira 1508 mpaka 1512. Pano pepalalo lili ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Metropolitan Museum ku New York, ndipo kukula kwake ndi masentimita pafupifupi 29 mulitali, 21 mulifupi.

Sikulakwitsa ayi. Mayi wa pachithunziyo wapotokola msana, thupi latsamira pa zala za phazi lamanzere. Chalacho chikapanda kuoneka kuti chasenza munthu, thupi lonse limangoyandama. Amene anamukhazika kuti amujambule anali mnyamata, n'chifukwa chake akatumba akuoneka ngati a mwamuna. Zovala zinabwera pambuyo.

Chokocho si cha kusukulu. Ndi mwala wofewa wa dongo losakanikirana ndi dzimbiri la chitsulo, womwe ankaucheka timizere n'kusongola ndi mpeni. Chimamatirira papepala, sichifufutika bwino, ndiye chikavuta chala umangojambulanso pambali. Mthunzi ankaupanga ndi timizere tothinana, powala n'kusiya pepala loyera. Mukamayesa, musatikite ndi chala: mafuta a m'manja amatsekera pepala, choko n'kumangoterereka.

Kukafika kudenga panali sitepe ina. Chithunzicho ankachikuza pa mapepala omatiza mpaka chifike msinkhu wake weniweni, n'kuboola mizere yonse ndi singano. Akayala pepalalo pa pulasitala wamuwisi, ankaligogoda ndi kansalu komanga fumbi la makala, timadontho takuda n'kutsala pakhoma. Mabowo akatalikirana mzere umasokonekera. Fumbi likachuluka limadetsa utoto. Chakumapeto kwa ntchitoyi Michelangelo ankakonda njira yachangu, yodinda mizere ndi kachitsulo kosongoka pamwamba pa pepala.

Changu chonsechi n'chifukwa cha pulasitala wa laimu. Amamwa utoto akadali wonyowa basi, motero ankapaka gawo longokwana tsiku limodzi. Ukalakwitsa pamenepo, n'kugumula ndi kuyambiranso mawa. Zokayika zonse zinayenera kuthera papepala.

Mapepala otere atsala ochepa. Aakulu aja ankanyowa ndi kung'ambika pantchito, ndipo Vasari, amene analemba mbiri ya moyo wake, ananena kuti Michelangelo anawotcha zojambula zake zambiri atatsala pang'ono kumwalira mu 1564.