Wandisiya chinkhoswe chitachitika kale, ndithawire ku Lilongwe?

Achemwali ena a ku Santhe andilembera kuti mwamuna wawasiya patangotha miyezi itatu chichitikireni chinkhoswe. Tulo sakuliona. Azakhali awo akuwaitana kukathandiza m'kasitolo ka mabuku pa boma la Kasungu, koma iwo mtima uli ku Lilongwe, komwe kulibe wowadziwa.

Achemwali, nkhani yanuyi sinathe. Chinkhoswe sichithera pa WhatsApp. Tambala ndi thadzi anapatsana ndi ankhoswe, anthu akuona, ndiye omasula ndi iwo omwewo. Auzeni atsibweni anu aitane ankhoswe akuchimuna, akhale pansi, agwirizane za katundu yemwe munagulira limodzi, tsiku lodzatenga ndi wodzatenga. Inu musapiteko nokha. Mukalumpha pamenepa, mwamunayo azikuimbiranibe usiku akaledzera, inu n'kumayesa zibwerera. Ngati pali mwana, lamulo la 2010 loteteza ana limakulolani kukapempha chithandizo chake ku khoti la majisitireti.

Chimene chimandinyansa ndi ankhoswe a masiku ano. Tsiku la pelekanipelekani amakhala patsogolo atavala suti, zikavuta foni yazima. Nawonso achibale onena kuti "amuna ndi ambiri, pukutani misozi" amangowonjezera bala. Munthu wosweka mtima safuna ulaliki. Amafuna wina woti adye naye nsima, womuperekeza ku Mvano kapena ku mphakati sabata yoyamba ija, pamene maso onse ali pa iye. Za kwa sing'anga zoti "mumubweze" ndiye ayi, mungotaya ndalama ya feteleza.

Za sitoloyo

Pitani. Chimene chikuthandizeni kwenikweni si kuwerenga, ndi ntchito yokudzutsani m'mawa. Mutsegula, musesa, muwerenga makope ndi zolembera, mulemba zogulitsa zonse m'kaundula. Mabuku musaunjike pansi kapena kutsamiritsa kukhoma, chifukwa chinyezi cha dzinja chimapinda mapepala ndipo chiswe chimalowera komweko. Mu Seputembala sukulu zikamatsegulira, makolo amadzaza pakhomo mpaka mudzaiwala kuyang'ana foni. Ngongole kwa achibale musapereke popanda azakhali kudziwa, mungadane nawo.

Ku Lilongwe lendi ikudikirani, ndipo madzulo mudzakhala nokha m'chipinda.

Koma kusagona ndi kusadyaku kukapitirira masabata awiri, kapena maganizo odzipha akakufikirani, uzani azakhali tsiku lomwelo akuperekezeni ku chipatala cha boma ku Kasungu komweko.