Kuyankha azakhali za chitsulo cha m'chiuno

Azakhali, ndamva funso lanu pagulupa, loti adokotala akuti chitsulo chomwe akufuna kukuikani m'chiuno chinayesedwa pa kompyuta, ndiye kompyuta ingadziwe bwanji kuti sichithyoka. Kulemba kuchuluka, ndingolankhula.

Njira yake amati finite element analysis. Fupa la ntchafu ndi lopindika, kunja ndi lolimba, mkati ndi la timibowo, moti palibe samu imodzi yomwe ingalongosole fupa lonselo. Ndiye amalijambula ndi CT scan, makina ojambula mkati mwa thupi, n'kuligawa pa kompyuta pamodzi ndi chitsulocho m'tizidutswa tambirimbiri, ngati maso a ukonde. Kachidutswa kamodzi samu yake ndi yophweka, ukakapanikiza mwakuti kafinyika mwakuti. Kompyuta imalumikiza tonseto n'kutulutsa chithunzi cha mitundu, ndipo pomwe pafiira ndi pomwe pakulemedwa kwambiri. Nthawi zambiri mumaona kufiirako pakhosi pa chitsulocho, pansi pa kampira kake kolowa m'chiuno.

Si zachilendo ayi. Akatswiri ankawerengera nayo mapiko a ndege ku Boeing cha m'ma 1956, mmodzi mwa iwo, Ray Clough, anaipatsa dzinali mu 1960, ndipo pofika 1972 anali atayamba kuigwiritsa ntchito pa fupa la ntchafu.

Koma tamverani apa azakhali, chifukwa ine pondikhudza m'pamenepa. Vuto sikuthyoka kokha. Poyenda, pomwe mwendo walumikizana ndi chiuno pamasenza mphamvu yoposa kawiri kulemera kwa thupi lanu, ndipo fupa limaifuna ntchito imeneyo. Dokotala wina wa ku Germany, Julius Wolff, anazilemba kale mu 1892 kuti fupa limakula potsatira katundu yemwe likunyamula. Chitsulo chikakhala chouma gwa, chimalanda katundu yense, fupa loyandikana nacho limayamba kupyapyala, mapeto ake chitsulocho chimagwedera. N'chifukwa chake ambiri amakonda titanium, imapindikako pang'ono kusiyana ndi zitsulo zina. Masamu aja amathandiza kuona zimenezi munthu asanang'ambidwe.

Achimwene anafunsanso ngati group theory, masamu ofotokoza zinthu zofanana mbali zake, imalowamo. Eya, imalowamo pa zinthu zofanana mbali zonse. Chipupizo cha injini ya ndege, mapeni ake onse ndi ofanana, ndiye umawerengera gawo limodzi, enawo amatsatira. Fupa la munthu lilibe chidule chimenecho.

Kodi kompyuta imalakwitsa? Imatero, ngati munthu waipatsa zolakwika. Mu 1991 ku Norway tsinde la konkire la nsanja yokumbira gasi panyanja, Sleipner A, linang'aluka n'kumira chifukwa tizidutswa tija anatigawa molakwika, masamu n'kuonetsa mphamvu yochepa kuposa yeniyeni. Ndiye zitsulo za m'thupi sazisiyira kompyuta yokha. Amaziika pa makina omwe amazipanikiza n'kuzisiya kambirimbiri, mpaka mamiliyoni, kuti aone ngati zichita mng'alu.

Mukapitanso, muwafunse adokotala kuti mtundu umenewu wakhala ukuikidwa mwa anthu kwa zaka zingati, komanso ngati adzaumata ndi simenti ya mafupa kapena fupa lidzadzigwirira lokha. Zomwe akayankhe mudzatumize pompano, tidzamvere limodzi.