Bwana anati "relay", ine ndinadina "forward": kodi ndinalakwa pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25 amene wangoyamba kumene ntchito ya ukalaliki pa ofesi ina ku City Centre. Bwana wake anamulembera kuti "please relay this to the drivers", iye n'kungodina batani la "forward". Imelo yonse inapita kwa madalaivala, kuphatikizapo mzere wam'munsi pomwe bwanayo ankadandaula kuti akukayikira mmodzi mwa iwo kuti amapopa mafuta m'galimoto. Kunavuta. Ndiye mayiyu akufunsa ngati "relay", "forward", "pass on" ndi "hand over" si mawu amodzi omwewo.

Achemwali, pepani kwambiri. Mawuwa ndi apachibale, koma aliyense ali ndi ntchito yake, ndipo chimene chinakupwetekani ndi kusiyana kwa awiri oyambawo.

"Forward" ndi kutumiza chinthu mmene chilili, osachotsapo kapena kuwonjezerapo kanthu. Mawuwa analipo kale imelo isanabwere: munthu akasamuka, kalata yake inkatumizidwa ku keyala yatsopano envelopu isanatsegulidwe. Pa WhatsApp n'chimodzimodzi. Kuyambira mu 2018 uthenga wochokera kwa munthu wina umabwera ndi chizindikiro choti "Forwarded", ndipo mu 2019 kampaniyo inaletsa kutumiza uthenga umodzi kumalo opitirira asanu nthawi imodzi pofuna kuchepetsa mabodza. Ukadina batani limenelo, iwe ndiwe paipi chabe, madzi akudutsa momwe abwerera, ndi zinyalala zomwe.

"Relay" imafuna mutu wanu. Taganizirani ankhoswe. Mkazi akawatuma kuti akauze mwamuna wake kuti asiye kubwera pakati pa usiku, iwo sakabwereza mawu onse okalipa omwe anamva pakhonde paja. Amakafikitsa mfundo yeniyeni, osaipotoza, koma m'mawu awoawo. Bwana wanu ankafuna zimenezo: muwerenge, mutole zokhudza madalaivala, muwauze. Zakuba mafutazo zinali zapakati pa inu awiri. Komabe ndinene chilungamo, nayenso bwanayo anachita mosasamala kuika nkhani yotere m'munsi mwa imelo yoti ipite kwa ena.

"Pass on" ndiye wamba, amalowa paliponse, pa uthenga ngakhale pa katundu. M'minibasi yochokera kwanu kupita kudepoti, wokhala kumbuyo akati "tapatsirani ndalamayi kwa kondakitala", Mzungu anganene "pass it on" kapena "pass it along". Ngakhale chimfine chimene mwapatsira mnzanu, amati mwachita "pass on". Koma apa samalani. "He has passed on", popanda kutchula chimene wapatsiracho, ndiye kuti munthuyo watisiya. Ndinamvapo mnyamata wina akuyankha foni kuti "the accountant has passed on", pomwe ankatanthauza kuti akauntanti wapereka kale mafayilo, woimbayo mpaka anayamba kupepesa maliro. "Pass out" nayonso ndi kukomoka, ngakhale kuti apolisi ndi asilikali akamaliza maphunziro mwambo wawo amautcha "passing-out parade".

Tsopano mawu a "hand". Ife timasintha tanthauzo potalikitsa mneni: kupatsa, kupatsira, kupatsana, kupereka, kuperekera. Chingerezi chimasiya mneni ali chomwecho n'kuika kamawu kakang'ono pambuyo pake, ndipo kamawuko ndi kamene kamakuuzani komwe chinthu chikulowera. "Hand in" ndi kupereka kwa wamkulu amene akuchiyembekezera, monga homuweki kwa aphunzitsi kapena kalata yosiya ntchito. "Hand out" ndi kugawira anthu ambiri. "Hand down" chinthu chimatsika, kuchoka kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono: yunifolomu ya mkulu wanu yomwe munakavalira ku pulayimale, azungu amaitcha "hand-me-down". Oweruza milandu nawonso amachita "hand down" chigamulo, monga muja linachitira khoti loona za malamulo aakulu a dziko kuno ku Lilongwe pa 3 February 2020, pamene linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019.

Amene ndikufuna muwaope kwambiri pa ntchito yanuyo ndi "hand over". Apa simukupereka chinthu chokha, mukupereka ndi udindo womwe. Anamwino a ku Kamuzu Central akamasinthana m'mawa, wausiku amafotokozera wamasana za wodwala aliyense, ndiyo "handover" imeneyo. Mu 1994 Kamuzu Banda atagonja pa chisankho anachita "hand over" ulamuliro kwa Bakili Muluzi. Choncho mnzanu akamapita kutchuthi n'kunena kuti akukuchitirani "hand over" makiyi a kabati ya ndalama, musalandire ngati mukulandira bolopeni. Werenganani ndalamazo muli awiri, mulembe papepala, nonse musayine. Chikasowa mawa, afunsa inu.

Za imelo ija, pitani kwa bwana mukapepese mwachidule, musachulutse zifukwa. Ulendo wina akakutumizirani uthenga wautali n'kunena kuti ufike kwa ena, muufike mpaka pansi powerenga, kenako mumufunse kuti: "Should I forward it as it is, or just tell them?"