N'chifukwa chiyani kadontho ka laser kamanjenjemera patali?

Funso: Akonzi, ndine mphunzitsi wa ku Katoto kuno ku Mzuzu. Usiku wina ndinaloza laser pakhoma lakutali, ndipo ngakhale ndinakhazika chipangizocho pamwala, kadontho kofiirako kankangonjenjemera. Kodi chimachititsa n'chiyani, nanga m'nyanja zimachitikanso?

Yankho: Aphunzitsi, chipangizo chanu chilibe vuto, gwero lake ndi mpweya. Mpweya wofunda ukamasakanikirana ndi wozizira pamakhala timatumba tolemera mosiyana, ndipo kuwala kumakhota pang'ono kukamachoka m'kathumba kena kulowa m'kanzake. Pa mtunda wautali kukhotaku kumaunjikana, moti kadonthoko kamasunthasuntha, kamatambasuka komanso kamathwanima. N'chifukwa chomwecho nyenyezi zimaphethira, ndiponso phula la msewu wa M1 limaoneka ngati likuwira masana a mu Okutobala. Nkhungu yathu ya m'mamawa ndi nkhani ina, pakuti timadontho take timangomwaza kuwalako.

M'nyanja ya mchere vutoli limakula, ndipo apa mpofunika kuti ana asukulu amvetse bwino. Nambala yosonyeza mmene chinthu chimakhotetsera kuwala ndi pafupifupi 1.0003 mumpweya koma 1.33 m'madzi, ndipo m'nyanja zikuluzikulu imasinthasintha ndi kutentha komanso kuchuluka kwa mchere, zinthu ziwiri zomwe mafunde amazivundula kosalekeza. Ku Nkhata Bay, komwe madzi si amchere, chimene chimalamulira ndi kutentha. Madzi amamezanso msanga kuwala kofiira, n'chifukwa chake akatswiri otumiza mauthenga pansi pa nyanja amasankha laser yobiriwira kapena yabuluu.